OILO WOYAMBA NDIYE MBONI: ZIMENE SAMPU IMAULULA INJINI IKACOKA KU OVAHOLO

Mwezi wa May ukamatha, aliyense amene ali ndi kanta, Hilux yakale, thirakitala kapena cigayo kuno kwa Mfumu Pembamoyo amayamba kumvetsera injini yake ndi khutu lina. Soya wauma, mpendadzuwa wadulidwa, cimanga cikudikira kupita ku depoti, ndipo galimoto imene yakhala ikufuka utsi ndi kumwa oilo dzinja lonse siingathenso kusenza matumba. Ndiyo nthawi ya ovaholo. Wina agulitsa ng'ombe, wina atenga ngongole ku banki ya m'mudzi, wina apereka ndalama zonse za nshawa zimene amai a kunyumba anaziwerengera kale kuti ndi za sukulu ya ana. Injini imasulidwa, crankshaft ikwera basi kupita ku Chipata, mwinanso mpaka ku Lusaka, kuti akaipale. Kuyambira mu 2012 mapepala a Boma amati tinacoka m'boma la Chadiza ndipo tili m'boma la Vubwi, koma makina opalira zitsulo sanatitsatire.

Pakapita masabata awiri kapena atatu injini ibwera, yatsukidwa, yapakidwa penti, ilira bwino. Onse akondwa. Koma zina mwa injini zotere sizimaliza mwezi. Iyamba kugogoda pansi, nyale ya oilo iphethira, kenaka iima pakati pa msewu ndi matumba 60 pamsana. Apa ndi pamene umayambira mlandu umene ambiri a inu mwaumvapo. Mwini galimoto akuti amakanika anadya ndalama za masipeya n'kubwezeramo akale. Amakanika akuti iai, inu ndinu munaipha, munaisenzetsa katundu wopitirira, munaiyendetsa yopanda oilo. Wacitatu, amene sasowa pa milandu yotere, anong'oneza kuti pali wansanje amene anaiponda galimotoyo. Anthu amene amakhala benchi imodzi m'chalichi aleka kupatsana moni. Mlandu umenewu umavuta kuweruza cifukwa onse amati mboni palibe. Komatu mboni inalipo, ndipo inaona zonse. Anaitaya pansi kuseri kwa galaji tsiku limene anasintha oilo woyamba.

Sampu ndi beseni lacitsulo lija lomangidwa pansi pa injini, m'mene oilo amakhala. Pampu imamukoka m'menemo kudzera pa kasefa, imamukankhira mu fyuluta, kenaka m'tinjira tating'ono tobooledwa mkati mwa buloko ndi crankshaft mpaka afike pa bearing iliyonse, ndipo akamaliza ulendo wake amagweranso mu sampu. Ciliconse cimene capalika, cathyoka, casungunuka kapena caiwalika mkati mwa injini cimatengedwa ndi oilo. Copepuka cimakodwa mu fyuluta, colemera cimakhazikika pansi monga masese mumtsuko. Amene adziwa kuwerenga masese amenewa amamva nkhani ya injini isanafe.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1946 labotale ya kampani ya njanji ya Denver and Rio Grande Western ku America inakwanitsa kuzindikira matenda a injini za masitima ake popima tizitsulo topezeka mu oilo wakale, ndipo m'zaka za m'ma 1950 asilikali a panyanja a dzikolo anatengera njira yomweyo pa ndege zao. Lero migodi ya ku Copperbelt ndi ku Solwezi imatumiza timabotolo ta oilo kwa akatswiri monga m'mene ku cipatala amatengera magazi. Ife labotale tilibe. Tili ndi dzuwa, maginito, zala ndi mphuno, ndipo pa injini yongomangidwa kumene izi zimakwanira kuona zambiri.

Kacotsedwe kake

Oilo woyamba sayenera kukhalitsa m'injini yocokera ku ovaholo. Amakanika odziwa nchito amamucotsa galimoto itayenda makilomita 500 kufika 1,000, ndipo pa cigayo, pampu ya kudimba kapena thirakitala mabuku ambiri a opanga makina amanena maola 50 oyamba. Tsiku limenelo mwini wake akhalepo yekha, asatume mnyamata wa katundu. Amakanika amene anamanga injiniyo akhaleponso, osati kuti muwagwire ngati mbala, koma kuti cimene cituluke mucione nonse awiri nthawi imodzi.

Bwerani ndi beseni lanu, lotsukidwa ndi louma. Cigubu codula cija cimene cimakhala pansi pa galaji cili ndi zinyenyeswa za magalimoto a anthu ena, ndipo cingakunamizeni. Injini ikhale itagona usiku wonse. M'mawa, musanailize, masulani pang'ono cabe bauti ya pansi pa sampu kuti madontho oyamba atuluke, muwalandire m'kabotolo. Madzi amalemera kuposa oilo, tsono ngati alimo ndiwo ayambe kutuluka. Mangani bauti, lizani injini mphindi khumi kuti oilo afunde, izimitseni, ndipo tsopano mucotseni yense. Vundikirani beseni kuti fumbi lisagweremo, mulisiye ola limodzi kapena awiri. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka tsanulirani oilo m'cigubu cina pang'onopang'ono kudzera pa nsalu yoyera, ndipo cimene catsala pansi pa beseni ndi pansalu mupite naco padzuwa. M'nyumba kapena pamthunzi wa mango simudzaona kanthu.

Ngati injiniyo inacita kugogoda kapena kugwira isanapite ku ovaholo, musakhutire ndi bauti yokha. Sampu yonse itsike. Pa magalimoto ambiri athu ndi nchito ya maola ocepa ndi gasiketi imodzi, ndipo zidutswa zazikulu sizituluka pa kabowo ka bauti. Zimagona m'makona ndi pa kasefa ka pampu.

Mukaona zotuwa pansi pa beseni musathamangire kukwiya. Injini yongomangidwa imatulutsa citsulo, ndipo n'coyenera kutero. Pokonza masilinda amawanola ndi miyala kuti mkati mukhale timizere topingasa tosungira oilo, ndipo maringi atsopano amasalaza nsonga za timizereto kufikira atakhazikika bwino. Fumbi locokera pamenepo n'lofewa ngati phulusa lonyowa, ndipo mukalitikita pakati pa zala silikhakhala. Padzuwa oilo amanyezimira capatali, koma simungatole kanjere ndi kamodzi komwe. Girizi imene amapaka pa zitsulo pomanga nayonso imasungunuka n'kumutuwitsa oilo. Ndipo inu a dizilo, kuda kwa oilo si nkhani, cifukwa mwaye umamudetsa m'masiku ocepa ngakhale m'injini yabwino.

Cofunika n'cakuti fumbi limeneli lizicepa. Sungani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mulembepo tsiku ndi makilomita. Pa kusintha kwaciwiri mucitenso cimodzimodzi, ndipo muike mabotolo awiriwo pamodzi. Masese a laciwiri akhale ocepa kuposa a loyamba. Akafanana kapena kuposa, m'katimo muli zitsulo zimene zikudyana, ngakhale injini ilire mokoma bwanji.

Zimene maginito amakoka ndi zimene amakana

Sipika ya wailesi yakufa ili ndi maginito abwino. Akulungeni m'kapulasitiki kuti zimene akoke zisavute kucotsa, muwayendetse m'masese aja. Zimene zakakamira ndi citsulo ca masilinda, maringi, camshaft, magiya a pampu ya oilo kapena crankshaft yeniyeniyo. Zikakhala ngati ubweya wofewa, ndi fumbi lija tanena kale. Zikakhala tizingano, kapena timamba ngati ta kapenta toti mungatole ndi cikhadabo, pali citsulo cimene cikusendeka. Kawirikawiri ndi camshaft ndi tizitsulo timene imakankha potsegula mavalavu, makamaka ngati anatisokoneza malo pomanga kapena anaika camshaft yatsopano pa takale. Mukapeza cidutswa cokhala ndi maonekedwe akeake, monga nsonga ya ringi, kawaya kokhota kamene kamagwira pini ya pisitoni, washa kapena nati, palibenso zokambirana. Injini isalizidwe mpaka mutadziwa kumene cacokera.

Koma zoopsa kwambiri ndi zimene maginito amazikana. Mukaona tinyenyeswa tofiirira kapena tacikasu tonyezimira ngati golide, umenewo ndi mkuwa, ndipo nthawi zambiri umacokera ku ma bearing. Tiyeni tiimepo pang'ono, cifukwa apa ndi pamene pagona ndalama zanu. Bearing ya crankshaft ndi tizigoba tiwiri tooneka ngati mwezi watheka. Pa injini zambiri za dizilo kagoba kalikonse kali ndi magawo atatu osanjikizana: kumsana citsulo colimba, pakati mkuwa wosakaniza ndi mtovu, pamwamba kagawo kofewa kotuwa, kopyapyala kuposa tsitsi. Crankshaft ikamazungulira siyenera kukhudza kagobako n'komwe. Imayandama pa oilo, m'kampata kamene pa injini zambiri za magalimoto athu kali pakati pa 0.03 ndi 0.07 ya milimita, koti tsitsi limodzi silingalowemo bwino. Tsono mkuwa ukaoneka mu sampu, ndiye kuti kagawo kapamwamba kanatha kale, zitsulo zayamba kukhudzana, ndipo kugogoda kuli m'njira. Timadontho tocepa tofanana ndi fumbi tingacokere ku ma bush atsopano a pini ya pisitoni pamene akukhazikika. Timamba iai.

Nanga n'ciani cingaphe bearing yatsopano m'masabata atatu? Nthawi zambiri ndi saizi. Crankshaft ikapalidwa imacepa ndi 0.25, 0.50 kapena 0.75 ya milimita, zimene amakanika amazichula kuti teni, twente ndi sate. Ma bearing ayenera kukhala a saizi yomweyo, ndipo nambala yake inadindidwa kumsana kwa kagoba ndi pa bokosi. Crankshaft ya 0.25 pa ma bearing olembedwa STD imasiya mpata waukulu, oilo amathawa m'mbali, mphamvu yake imagwa. Zimacitikanso kuti opala aja apala ma main saizi ina ndi ma big end saizi ina, koma mwini galimoto, amene anatumidwa kukagula masipeya ndi kapepala m'thumba, sanauzidwe. N'cifukwa cake mabokosi a masipeya sayenera kutayidwa, ndipo kapepala kocokera kwa opala kasungidwe pamodzi ndi malisiti. Pali kaulusi ka pulasitiki kochedwa Plastigauge kamene amakagoneka pa crankshaft, n'kumanga civundikiro, n'kumasulanso. Kuphwanyika kwake kumaonetsa kukula kwa mpata. N'kochipa, ndipo si mwano kufunsa kuti, "Bambo, mpata munaupima ndi ciani?" Wodziwa nchito amakondwa nalo funso limeneli.

Kamangidwe nakonso kamapha. Zivundikiro za ma bearing zili ndi manambala, ciliconse cili ndi malo ake ndi mbali yake yoyang'ana, ndipo kuzisinthanitsa ndi kupereka injini ku manda. Mabauti ake amafuna sipanala yoyeza mphamvu, torque wrench, osati dzanja ndi paipi. Kanjere kamodzi ka mcenga kotsalira kumsana kwa kagoba kamakatukula n'kutseka mpata uja. Ndipo injini yambiri imavulala m'masekondi oyamba enieni, pamene ailiza oilo asanafike kulikonse, fyuluta ili youma kapena pampu ya oilo ili yakale yotopa. Amakanika wosamala amayamba waizunguza ndi sitata, dizilo atatsekedwa, mpaka nyale ya oilo izime, ndiyeno n'kuiliza. Za nyale imeneyi dziwaninso kuti imayaka mphamvu ya oilo itagwa kale kwambiri. Kuzima kwake sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Geji yeniyeni yolumikiza pa buloko, injini itatentha, ndiyo imanena zoona.

Tinyenyeswa toyera mbuu, topepuka, tokana maginito, ndi aluminiyamu, citsulo ca mapoto. Timacokera ku pisitoni imene ikukhula khoma la silinda cifukwa anaboola mothina kapena injini inatenthetsa. Koma magalimoto ang'onoang'ono ambiri a petulo ali ndi ma bearing a aluminiyamu wosakaniza ndi tini, opanda mkuwa, tsono pa iwo bearing ingathe popanda kuonetsa kufiira kulikonse.

Mcenga

Tikitani masese aja pakati pa zala, kapena pakati pa tizidutswa tiwiri ta galasi. Akamakhakhala kapena kukanda galasi, ndi mcenga. Ine maganizo anga ndi akuti injini zambiri zimene zimafa msanga kuno sizifa ndi masipeya abodza amene timakonda kuwanena. Zimafa ndi dothi. Taganizani m'mene timamangira: buloko pa thaya pansi pa mtengo, mapisitoni pa saka, mphepo ikuulutsa fumbi la msewu, ndi nsanza imodzi yopukutira manja ndi crankshaft yomwe. Kuonjezera apo, miyala yonolera masilinda imasiya tinjere take, tolimba kuposa citsulo, m'timizere tija. Palafini ndi dizilo sizitulutsa tinjere timeneti. Pamafunika madzi otentha, sopo ndi burashi, kutsuka mobwerezabwereza mpaka nsalu yoyera yopakidwa oilo ituluke m'silinda ili yoyera, kenaka kuumitsa ndi kupaka oilo msanga dzimbiri lisanagwire. Tinjira ta oilo ta m'buloko ndi ta m'crankshaft timafuna kupisamo kaburashi ndi kuuzira mpweya, cifukwa fumbi la makina opalira limabwera nato kucokera ku tauni. Crankshaft yonyezimira yongotsika m'basi, cikomekome ca mkuyu: siinatsukidwe.

Pali malo ena amene amaiwalika kawirikawiri, ndiwo kozizirira oilo, oil cooler, kamene injini zambiri za dizilo zili nako. Bearing yakale itafa, zinyenyeswa zake zinadzaza m'tinjira ta m'menemo, ndipo sizituluka ndi kutsuka kwa masewera. Injini yatsopano ikatentha zimamasuka pang'onopang'ono n'kubwerera kumene zinacokera. Zinyenyeswa zakale mungazidziwe: zimakhala zakuda, zopserera, zopondeka. Zatsopano zimawala. Mukapeza zakale zokhazokha, limodzi ndi matope okhuthala ngati phula, ndiye kuti injini sinatsukidwe bwino, koma mwina siinavulale kwambiri. Kozizirira oilo katsukidwe kapena kasinthidwe, sampu ndi kasefa zitsukidwe, muike oilo ndi fyuluta zatsopano, ndipo muonenso patapita makilomita 300 osati 1,000.

Komabe mcenga sunena amakanika okha. Misewu yathu ya m'midzi ndi ya fumbi, ndipo injini imapuma mpweya wocuruka kwambiri tsiku lililonse. Fyuluta ya mpweya yong'ambika, kapena imene mwakhala mukuimenyetsa pa thaya zaka zitatu m'malo mogula ina, imalowetsa fumbi lokwanira kutha maringi atsopano m'nyengo imodzi. Masulani paipi imene imacoka ku fyulutayo kupita ku injini, mupisemo cala. Cikatuluka ndi fumbi, mcenga walowera kumeneko, ndipo mlandu wasintha mbali, pokhapokha ngati ndi amakanika amene anasiya paipiyo yosamanga bwino. Ena amathira oilo wogula woyeza m'mabotolo m'mbali mwa msewu, kudzera pa fanelo imene yagona pa dothi. Amenewo asatulutse liu.

Tizingwe tofewa tofiira, takuda kapena totuwa tooneka ngati nyongolotsi ndi silikoni. Anzathu ena amamupaka ngati akumata nkhokwe, ndipo wofinyikira mkati amaduka n'kugwera mu sampu. Citsulo iye sapala, koma amatseka kasefa ka pampu, limodzi ndi ulusi wa nsanza ndi zidutswa za gasiketi yakale, ndipo ma bearing amafa ndi ludzu sampu ili yodzaza.

Madzi ndi dizilo

Oilo wooneka ngati tiyi wa mkaka ali ndi madzi. Ngati mukukaika, dontheza pang'ono pa lata yotentha: oilo yekha amangofuka, wa madzi amathetheka. Pa injini yocokera ku ovaholo madzi amalowa pa gasiketi ya hedi, makamaka ngati hedi inapindika ndi kutentha koma siinapalidwe kuti ikhale yosalala, kapena mabauti ake sanamangidwe motsatana ndi pa mphamvu yake. Angalowenso pa mng'alu wa hedi, pa kozizirira oilo kobooka, kapena pa malabala a pansi pa masilinda pa injini zimene masilinda ake amazuka ndipo amakhudzana ndi madzi. Madzi a mu rediyeta akamacepa koma pansi osadontha, ndi nkhani yomweyo. Kathovu kocepa pansi pa citsekero cothirira oilo m'miyezi yozizira ya June ndi July, pa galimoto yoyenda maulendo afupiafupi, kangakhale nthunzi cabe. Koma madzi otuluka pa bauti ya sampu m'mawa si nthunzi.

Mphuno imagwira dizilo ndi petulo. Oilo akamanunkha mafuta, ali wopyapyala ngati madzi pakati pa zala, ndipo pa dipstick akukwera m'malo motsika, musasangalale kuti injini yanu yaleka kumwa oilo. Manozo akudontha, kapena pampu ya mafuta ikutayira mkati. Dontho limodzi pa pepala loyera limaonetsa bwino: patapita maola ocepa mafuta amathamangira kunja n'kusiya mkombero waukulu wowala kuzungulira dontho lakuda. Ambiri amakonza pansi pa injini n'kubwezerapo manozo akale osapimidwa kuti apulumutse ndalama. Dizilo wodontha uja amatsuka oilo pa makoma a masilinda, ndipo maringi sakhazikika.

Fyuluta ya oilo musaitaye osaitsegula. Zambiri zimene tanenazi zimaoneka bwino m'menemo kuposa m'beseni. Musaidule ndi sowo ya zitsulo, cifukwa sowo idzathiramo zinyenyeswa zake ndipo mudzanamizira munthu wosalakwa. Bowolani m'mphepete mwa cigoba pafupi ndi tsinde ndi kucidula ndi sizasi ya malata. Tulutsani pepala lopindapinda lija, mulifinye m'nsanza kuti oilo acoke, mulitambasule padzuwa ndi kuyang'ana mkati mwa mipindo.

Pangano lisanayambe nchito

Zonsezi zimagwira nchito bwino ngati munagwirizana ciyambire. Injini isanamasulidwe, lembani m'kope zimene zidzasinthidwa ndi mtengo wake, nonse musaine. Masipeya akale abwerere kwa inu m'saka. Gawo lina la malipiro a amakanika lidikire tsiku la oilo woyamba, ndipo zimenezi zinenedwe poyamba, osati kuwadzidzimutsa nchito itatha. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, la mu 2010, limati wogwirira anthu nchito aigwire mosamala ndi mwaluso, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limalandira madandaulo otere. Koma kaya kumeneko, kaya pamaso pa anyakwawa, munthu wobwera ndi botolo lolembedwa tsiku, pepala la fyuluta ndi malisiti amamveka kuposa wobwera ndi mkwiyo wokha.

Amakanika naonso tiwamvere. Ambiri amauza mwini galimoto kuti pampu ya oilo yatha, hedi ifuna kupala, manozo afuna kupima, koma yankho limakhala lakuti, "Mangani cabe, ndalama zatha, zinazo tidzaona tikagulitsa soya." Zimene mwakana kugula zilembedwenso m'kope muja. Ndipo injini ikabwera, makilomita 1,000 oyamba ndi anu. Musaisiye ikulira pamalo amodzi maola ambiri poganiza kuti mukuiphunzitsa, cifukwa kutero kumasalaza masilinda maringi asanakhazikike, ndipo idzamwa oilo moyo wake wonse. Iyende, liwiro lizisinthasintha, isakokedwe mu giya yapamwamba pa citunda. Kanta ya matani atatu inapangidwira matumba 60 a makilogalamu 50. M'masabata oyamba isenze theka. Oilo akhale wamba wa 15W-40 wa m'cigubu cosatsegula, kapena amene buku la injiniyo linena.

Kamodzi kokha za oilo wotsala m'cigubu uja. Asapakidwe pa zilonda za ng'ombe kapena pa nkhupakupa monga ena acitira, ndipo asatayidwe pafupi ndi citsime kapena dimba. Mwaona nokha zimene zilimo. M'manja musambe ndi sopo.

Tsono ngati pa nsalu yoyera ija mwapeza timamba ta mkuwa, injini isayendenso, ngakhale kupita ku Chipata kukafunsa ena. Sampu itsike pomwepo, zivundikiro za ma big end zitsegulidwe cimodzicimodzi, ciliconse cibwerere pamalo pake. Yang'anani tizigoba: mizere yozungulira ndi ya mcenga, kutha kwa mbali imodzi ndi kwa con rod yopindika kapena civundikiro cotembenuzidwa, kuda ndi kusungunuka ndi kwa ludzu la oilo. Yendetsani cikhadabo pa crankshaft. Cikapanda kukodwa, mwina ma bearing ena a saizi yoyenera ndi kutsuka kwabwino zikwanira. Mukaumirira ulendo umodzi wokha, kagoba kamatha kuzungulira m'malo mwake n'kuononga crankshaft ndi con rod, ndipo con rod ikathyoka imaboola buloko, imene imavuta kuwocherera. Matumba a tsiku limenelo apite pa ngolo ya ng'ombe kapena pa kanta ya anansi.